Buku liti lokwera nalo basi ya ku Joni?

Mphwanga ananyamuka Lachitatu lapitali kupita ku Joni. Lachiwiri madzulo, atamaliza kumanga katoni ya usipa wouma ndi kathumba ka mpunga zomwe amayi akutumiza kwa mlongo wathu ku Mayfair, anabwera kudzakhala pakhonde panga. Sanachedwe ndi malonje.

"Achimwene, mundibwerekeko buku limodzi mwa aja mumawerenga usiku, a anthu ophana aja. Koma limodzi basi, chikwama chadzaza kale."

Amene anayendapo njira imeneyi akudziwa chomwe ankafunira buku. Basi ikachoka pa Mangochi imakatulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kenako kukaima pa Beitbridge mpaka mapazi kutupa. Ndi masiku awiri, nthawi zina kuposerapo. Foni imatha moto, bandulo ya kuno imasiya kugwira ukangodutsa pa Zobue, ndipo mnzako wapampando akayamba kuliza mkonono umatsala wekha ndi maganizo ako.

Ndinakoka katoni ya mabuku pansi pa bedi n'kuikhuthulira pa mkeka. Katoni imeneyi yaona zambiri. Chiswe chinailowapo chaka china, ndipo ana akasowa choyatsira mbaula amaiyendera mwakachetechete. Tinakhala pamenepo tikusankha, thukuta lili kamukamu, mpaka kumzikiti anaitana swala ya usiku. Ogulitsa mabuku a kaunjika amawaika onse pa mulu umodzi, bola pachikuto pali mfuti kapena magazi, koma mabukuwa ndi osiyana kwambiri, ndipo munthu akayambira pa lolakwika amathawa osabwereranso.

Ife a msinkhu wanga tinalowera pakhomo la James Hadley Chase. Kusekondale buku lake limodzi linkazungulira hositelo yonse, litakutidwa ndi pepala la khaki kuti aphunzitsi asaone mkazi wonyamula mfuti wa pachikuto. Chase anali Mngelezi, koma nkhani zake zambiri anaziika ku America, dziko lomwe ankalidziwira pa mapu kuposa ndi mapazi, ndipo analemba mabuku pafupifupi 90 asanamwalire mu 1985. Pambali pake panali timabuku ta Pacesetters tomwe a Macmillan anayamba kutulutsa mu 1977, momwe Mmalawi mnzathu Dede Kamkondo analembamo lake. Chase ndinamuika pambali msanga. Ndinamuwerenganso chaka chatha ndipo ndinapeza kuti chomwe chinkandikoka kale chinali unyamata wanga. Mkazi aliyense m'menemo ndi msampha, mwamuna aliyense ndi wadyera, ndipo ukawerenga atatu wawerenga onse.

Mulu woyamba womwe ndinamuonetsa ndi wa mabuku a ndagi. Munthu wafa, okayikiridwa ndi ochepa, onse ali pamalo amodzi, ndipo wolemba amakuikira umboni wonse poyera koma mwanzeru, kuti iwe ndi wofufuza muthamangitsane. Mfumukazi ya mtundu uwu ndi Agatha Christie, yemwe analemba mabuku 66 a ofufuza milandu. Mu And Then There Were None, la mu 1939, anthu khumi aitanidwa pachilumba, bwato lapita osabwerera, ndipo akufa mmodzimmodzi. Ndinamuuza mphwanga kuti angoganiza anthu khumi atawasiya pa Boadzulu mwera ukuwomba, asodzi onse atakokera mabwato kumtunda. Amasiku ano omwe akutsata njira imeneyi alipo, ndipo wotchuka ndi Richard Osman, yemwe mu 2020 anatulutsa The Thursday Murder Club, nkhani ya nkhalamba zinayi zomwe zimakumana Lachinayi lililonse kufukula milandu yakale yomwe apolisi anaisiya.

Ubwino wake ndi woti ndi mabuku aukhondo. Mtembo umangotchulidwa, suchita kuvulidwa pamaso pako, ndipo ungalisiye patebulo mwana wa Fomu 2 n'kulitola osachita nawe manyazi. Koma amafuna mutu wodekha. Uyenera kukumbukira kuti uje anali m'chipinda chiti pa 9 koloko, ndani ananama za ambulera, ndipo m'basi yogwedezeka, wapolisi wa pamsewu akukutsitsani kawirikawiri, mayina amasokonekera. Nthabwala za Osman nazonso ndi za Angelezi okhaokha, zina zimangodutsa pamwamba.

Pali china chomwe chimandilepheretsa kuwakhulupirira kwathunthu. Mabuku amenewa amayambira poti palibe amene akudziwa wakupha, ndipo akangotchulidwa dzina nkhani yatha, apolisi amunyamula, aliyense akamwa tiyi. Ine ndakulira m'mbali mwa Shire muno ndipo sindikumbuka mlandu womwe unayenda chomwecho. Injini ya boti ikabedwa pa doko usiku, pofika masana amayi ogulitsa mandasi akudziwa yemwe waitenga, yemwe waibisa ndi yemwe adzaigule. Chomwe chimasowa si dzina. Chimasowa ndi munthu woti akalitchule pamaso pa amfumu kapena kupolisi, podziwa kuti wakubayo ndi mwana wa azakhali ake, kapena kuti mwini ndalama zogulira injiniyo ndi amene amamukongoza ufa mu Janyuwale. Muyezo wanga ndi umenewu, ndipo ndinauika pa buku lililonse lomwe linali pa mkeka paja.

Mphwanga anali atagwira kale lina la chikuto chofiira. Linali la Lee Child, la munthu wake uja Jack Reacher. Apa ndiye palibe ndagi yeniyeni, pali liwiro. Reacher anali wapolisi wa asilikali ku America, alibe nyumba, alibe chikwama, amangoyenda pa basi ndi mswachi m'thumba. Mu buku loyamba, Killing Floor la mu 1997, watsika basi m'katawuni kena ku Georgia, asanamalize n'chakudya cham'mawa chomwe amumanga pa mlandu wakupha. Lee Child anayamba kulemba atachotsedwa ntchito pa wailesi ya kanema ku England, ndipo amalemba ngati munthu wofuna kulipira lendi: ziganizo zazifupi, Chizungu chosavuta, mutu uliwonse kuthera pomwe sungathe kuima. Kwa munthu yemwe anasiya kuwerenga mabuku atalemba MSCE, palibe khomo losavuta kuposa ili.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Reacher ndi mwambi umenewu wavala nsapato. Alibe azakhali m'tawunimo, alibe ngongole kwa aliyense, motero amatchula dzina ndi kuthyola mkono tsiku lomwelo, m'mawa mwake n'kukwera basi. N'chifukwa chake amakoma, ndipo n'chifukwa chake ndimamuiwala msanga. Ndawerenga asanu kapena asanu ndi limodzi koma sindingakuuzeni kuti chinachitika mu liti n'chiyani. Ali ngati chipisi cha pachiwaya: ukudya ukusangalala, pakatha ola njala yabwerera.

Omwe achuluka kwambiri masiku ano, pa kaunjika ndi m'mafoni momwe, ndi a zinsinsi za m'banja. Anayatsa moto ndi Gillian Flynn ndi Gone Girl mu 2012. Mkazi wasowa pa tsiku lokumbukira zaka zisanu za ukwati, maso onse ali pa mwamuna, ndipo bukulo limakupatsa mbali ya mwamuna kenako ya mkazi, mosinthanasinthana. Aliyense amene anakhalapo nkhoswe akuidziwa ntchito imeneyi. Umamva bambo akufotokoza, mtima n'kugwera kwa iwo. Mayi akatsegula pakamwa umayamba kuchita manyazi kuti unakhulupirira bambo aja. Kusiyana kwake n'koti m'bukumu onse awiri ndi akatswiri a bodza, ndipo amene akunamizidwa ndiwe. Mu 2015 kunabwera The Girl on the Train la Paula Hawkins, yemwe anabadwira ku Harare komwe basi ya mphwanga imadutsa. Mmenemo wofotokoza nkhani ndi mayi woledzera yemwe sakhulupirira ngakhale zomwe iye mwini akukumbukira.

Awiriwa ndi olembedwa bwino, sindingawanyoze. Koma anabereka ana ambirimbiri ofanana nkhope, moti ukaona chikuto cha zenera lowala usiku ndi mutu wotchula mkazi, wantchito kapena mnansi, udziwiretu kuti chapakati pa buku zinthu zitembenuka. Ukazolowera umayamba kudikira kutembenukako m'malo motsata anthu. Ndi mabuku owerenga kamodzi. Chinsinsi chikaululika, chotsala ndi pepala. Ndiponso kwa ife akuno muli chinthu chovuta kumeza: anthu ake amakhala okhaokha modabwitsa. Mkazi angasowe, kapena angatsekeredwe m'nyumba miyezi, popanda mlamu wobwera kudzapempha mchere kapena apongozi ofika ndi dengu osanena. Kwathu kuno nkhani yotere ikanathera pa tsamba 30, atsibweni atafika pa kabaza. Mkazi wanga, yemwe ankasenda chinangwa chapafupi, anatsutsa. Anati nyumba zomwe akazi akuvutikamo mwakachetechete zilipo zambiri pa Mpondasi pompa, ndipo alamu obwera kudzapempha mchere aja amaona n'kubwerera osanena kanthu. Sindinamuyankhe, chifukwa ananditembenuzira muyezo wanga womwe.

Pansi pa muluwo panali mabuku ochokera kumayiko ozizira a kumpoto kwa Ulaya. Awa ndi olemera, m'manja ndi mumtima momwe. Wapolisi wake amakhala wotopa, banja linatha, amadya zosalongosoka, ndipo mlandu umayenda pang'onopang'ono monga imayendera milandu yeniyeni: kufunsa khomo ndi khomo, kudikira zotsatira za kuchipatala, kutsata njira yolakwika mwezi wathunthu. Ambiri amadziwa The Girl with the Dragon Tattoo la Stieg Larsson, lomwe linatuluka mu 2005 mwini wake atamwalira kale chaka cham'mbuyo. Ndi buku lamphamvu, koma limayamba ndi masamba ambiri a nkhani za makampani ndi makhoti, ndipo nkhanza zomwe akazi amachitiridwa mmenemo zalembedwa mosabisa. Si loyambira, ndiponso kukula kwake likanamudyera mphwanga malo a nsapato.

Wanga wapamtima ndi Henning Mankell. Anali wa ku Sweden, koma zaka zambiri ankagawa moyo wake pakati pa kwawo ndi Maputo, komwe ankatsogolera zisudzo pa Teatro Avenida, mpaka anamwalira mu 2015. Ndimamutenga ngati mnansi wa kutsidya kwa Chiponde, ngakhale Maputo ili kutali. Wapolisi wake ndi Kurt Wallander wa m'tawuni yaing'ono ya Ystad, ndipo buku loyamba ndi Faceless Killers la mu 1991. Nkhalamba ziwiri zapafamu zachitidwa chipongwe usiku, bambo afera pomwepo, ndipo mayi asanatsirizike kuchipatala atchula liwu limodzi lotanthauza munthu wakunja. Liwulo litulukira kwa atolankhani. Asanadziwike n'komwe wakupha, anthu ayamba kale kuwotcha ndi kuwopseza malo omwe akusungirako othawa kwawo.

Nditafika pamenepa mphwanga anasiya kutembenuza masamba a Reacher. Tonse tikukumbukira 2008 ndi 2015, pomwe alendo ankasakidwa m'makomboni a ku South Africa ndipo mabasi anabweretsa anthu athu ali chimanjamanja, ena a m'midzi yathu yomwe ino. Mankell salalikira. Amangokuonetsa momwe mphekesera imathamangira kuposa wofufuza, ndi momwe wapolisi yemweyo, munthu wabwinobwino, nayenso amadzipeza akuganiza zomwe gulu likuganiza. Kuipa kwake n'koti ndi wozizira. Nthabwala ndi zochepa, kunja kumangogwa chisanu, ndipo wofuna kuwombana mfuti tsamba lililonse agona asanafike pa Tete.

Kenako tinafika pa kamulu komwe ndimakasunga m'pulasitiki kuopa chiswe: mabuku a kuno kwathu ku Africa. Ndi ochepa chifukwa savuta kukonda koma amavuta kupeza.

Lofewa mwa onse ndi The No. 1 Ladies' Detective Agency la Alexander McCall Smith, la mu 1998. Mma Ramotswe wagulitsa ng'ombe zomwe bambo ake anamusiyira n'kutsegula kaofesi kofufuza milandu ku Gaborone. Alibe mfuti m'chiuno kapena makina opimira zala. Chida chake ndi kudziwa anthu, kupereka moni woyenera ndi kumwa tiyi ndi munthu mpaka alankhule. Milandu yake ndi yomwe timaidziwa: bambo wachilendo wofika pakhomo kunena kuti ndiye kholo lako lomwe linasowa kale, mwamuna wosowa yemwe mkazi wake akuganiza kuti wathawa ndi chibwenzi pomwe anatengedwa ndi ng'ona pa ubatizo kumtsinje. Nkhani ya ng'onayi mphwanga anaiseka mpaka kutsokomola, kenako anakhala chete, chifukwa pa Shire pano si nthabwala. Bukuli ndi labwino kwa amayi athu ndi kwa aliyense wosafuna magazi. Chomwe ndimalidandaula n'choti Botswana wake ndi wotsekemera mopitirira. Wolembayo anabadwira ku Bulawayo koma moyo wake ndi wa ku Scotland, ndipo nthawi zina umamva kuti akulembera anthu akutali omwe akufuna Africa woti awatonthoze.

Deon Meyer sakutonthoza. Amalemba m'Chiafrikaans, ife timawerenga zomasuliridwa, ndipo wapolisi wake Benny Griessel wa ku Cape Town ndi chidakwa chomwe chikulimbana ndi botolo tsiku ndi tsiku. Mu Thirteen Hours nkhani yonse ichitika tsiku limodzi, kuyambira mbandakucha mpaka madzulo: mtsikana wa ku America akuthamangitsidwa m'mapiri ndi m'misewu ya mzindawo, mnzake waphedwa kale, ndipo Griessel akuyang'anira apolisi achinyamata pa milandu iwiri nthawi imodzi. Liwiro lake ndi la Reacher, koma anthu ake ali ndi mabwana, ngongole, mitundu ndi zilankhulo zomwe zimawagawa, ndipo magetsi amazima ngati kwathu kuno. Munthu wopita kukakhala ku South Africa angaphunziremo momwe apolisi akumeneko amaganizira kuposa zomwe angamve kwa anzake a pa renki. Ndikanakhala ndi mphamvu yomusankhira, ndikanamupatsa limeneli. Vuto n'loti langa anabwereka mphunzitsi wina wa ku Namwera chaka chatha, ndipo mpaka lero akuti akulimaliza.

My Sister, the Serial Killer la Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria, la mu 2018, ndi kabuku kopyapyala ka mitu yaifupi, ena tsamba limodzi lokha. Dzina la bukuli laulula kale wakupha. Namwino wa ku Lagos amaitanidwa usiku ndi mng'ono wake wokongola, yemwe wapha chibwenzi chinanso, kuti abwere ndi mankhwala otsukira ndi magolovesi. Funso la buku lonse ndi lakuti mkuluyu adzafika pati akubisa. Paja amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo Braithwaite watenga mwambi umenewu n'kuufinya mpaka utuluke magazi. Umaseka, kenako umadzifunsa chomwe ukusekacho. Pa ulendo wa masiku awiri ndi lalifupi kwambiri, lingathe basi isanafike pa Mwanza. Koma mwa onse a pa mkeka paja, ndi lomwe ndawerenga katatu.

Lomaliza ndinalitulutsa monyinyirika. The Screaming of the Innocent linatuluka mu 2002, ndipo analemba ndi Unity Dow, mayi woyamba kukhala woweruza wa khoti lalikulu ku Botswana. Iyeyu sakubisira kalikonse. Masamba oyamba omwe akuonetsa anthu atatu olemekezeka, wamalonda, mfumu ndi wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, akuyang'ana kamtsikana ka zaka 12 kuti akaphe atengeko ziwalo zokhwimira. Mwanayo asowa. Apolisi auza mayi ake kuti anadyedwa ndi mikango, zovala zake zamagazi zisowa m'manja mwa boma, ndipo mlandu utsekedwa. Patapita zaka zisanu mtsikana wina wotumizidwa kudzagwira ntchito pa kachipatala ka m'mudzimo apeza bokosi la zovalazo akusesa m'chipinda chosungira katundu.

Palibe ndagi apa. Iwe wowerenga ukudziwa, mudzi ukudziwa ndi theka, apolisi akudziwa zokwanira kuti achite mantha. Khoswe wakhala pa mkhate. Chomwe chimakugwira pakhosi ndi kuona ngati pali amene angayerekeze kumugenda, ndi mtengo womwe alipire. Amene anatsatira mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga pafupi pompa yemwe anaphedwa mu 2018, akudziwa kuti izi si zopeka za ku Botswana. Mu 2022 khoti linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfa yake, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wachipatala ndi mbale wake weniweni. Buku la Dow lili ndi zofooka zake. Pena anthu ake amalankhula ngati ali pa msonkhano wa bungwe, ndipo luso la kalembedwe silifika pa la Meyer kapena Mankell. Koma ndi lokhalo lomwe linandilepheretsa kugona, osati chifukwa chofuna kudziwa mapeto, koma chifukwa ndinkamva mapazi kuseri kwa nyumba. Sindinamulangize mphwanga kuti alitenge. Si buku lowerenga uli wekha pakati pa alendo, usiku, pa chipata cha dziko la eni.

Anandifunsa ngati lilipo la Chichewa la mtundu umenewu. M'katoni mwanga mulibe. Mabuku a Chichewa omwe tinakula nawo ali ndi akuba, achinyengo ndi mfiti, koma ambiri cholinga chawo ndi kulangiza, ndipo wolakwa amalangidwa ndi moyo, osati kufukulidwa ndi wofufuza. Chonsecho nkhani zili mbwee. Basi yomwe wakwerayo imadutsa boma la Mwanza, komwe mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa m'galimoto. Dziko linauzidwa kuti inali ngozi, anthu ankanong'onezana zina kwa zaka khumi ndi chimodzi, mpaka bungwe lofufuza lomwe linakhazikitsidwa mu 1994 linanena poyera kuti anachita kuphedwa. Mlandu suola. Wolemba wathu akadzafuna poyambira, sadzasowa kubwereka chilumba cha Christie.

Za kapezedwe kake ndinene mwachidule. Pa Mangochi pano mabuku otere ndimawapeza mwamwayi, kwa anzanga ogwira ntchito m'malo ogona alendo cha ku Nkopola ndi Cape Maclear, komwe azungu amasiya zomwe amaliza kuwerenga. Ena ndimagula pa makhonde a masitolo ndikapita ku Blantyre. Njira ziwirizi zimabweretsa Reacher, John Grisham wa nkhani za maloya ndi zinsinsi za m'banja zambirimbiri, a ku Sweden mwa apo ndi apo, koma a ku Africa pafupifupi ayi. N'zomvetsa chisoni kuti buku la ku Gaborone limavuta kupeza kuposa la ku New York. Ma PDF ozungulira pa WhatsApp alipo, koma maso amawawa, foni imatha moto, ndipo wolemba sapezapo ngakhale tambala. Pogula la kaunjika, musanapereke ndalama, tsegulani kumapeto muone ngati tsamba lomaliza lilipo. Buku la chikondi lopanda mapeto ungalimalize wekha m'mutu. La wakupha ayi.

Mphwanga anayeza Reacher m'dzanja limodzi, Mankell m'dzanja lina, ngati akugula chambo.

"Achimwene, uyu wothyola anthu mikonoyu ndimuwerenga ndikabwera. Ndipatseni wa alendoyu."

Analilowetsa m'thumba la jekete, osati m'chikwama. Ndinamutuma kuti akakhazikika akandifunire Thirteen Hours m'masitolo a mabuku akale ku Johannesburg, ndi lina lililonse la Kwei Quartey wa ku Ghana, makamaka lija la anyamata obera anthu pa intaneti, poti mafoni onena kuti mwapambana mpikisano womwe simunalowe atitopetsa nafenso.

Lachisanu m'mawa foni inalira. Unali uthenga wochokera pa nambala yachilendo, ya mnzake wapampando. Munali chithunzi cha buku lotsegula pa bondo, kumbuyo kukuoneka mzere wa anthu ndi mpanda wa waya wa pa Beitbridge. Tsamba la kumanja linathera pakati pa chiganizo, ndipo kuseri kwake kunali timizere ta mapepala ong'ambidwa.

"Achimwene, masamba akumapeto ali kuti? Anapha nkhalamba zija ndani?"

Ndinaitana ana onse atatu pakhonde n'kuwaonetsa chithunzicho. Wamkulu anayang'ana wapakati, wapakati anayang'ana kumbaula, wamng'ono anayang'ana amayi ake. Mkazi wanga anapitiriza kupeta mpunga osadzutsa mutu.